Makhadi a pansi pa khushoni

Chaka chikamapita kumapeto, mayi a nyumba yapakona, aja anapuma pa utelala, sagwirika. Tebulo lawo limadzaza makalendala akale, guluu ndi sizasi imene munthu wina sayerekeza kuikhudza. Amadula nyenyezi ndi timaluwa n'kumata pamakhadi a mafuno abwino, khomo lililonse khadi lake. La kusitolo amati lilibe fungo la munthu. Akamata, amalowetsa makhadiwo pansi pa khushoni n'kukhazikapo amuna awo kuti makhadiwo awongoke.

"Bambo, ntchito yanu ndi imodzi: khalani."

Chaka chatha bambowo anadwala n'kuwonda, makhadi n'kumatuluka opindika. Mayiwo anasuzumira kuseri kwa mpanda n'kuona kalipentala wonenepa wa nyumba yoyandikana nayo, amene sankayankhulana naye chikanganirane za chingwe choyanikapo zovala.

"Aneba, ndibwerekeniko thupi lanulo."

Kalipentala analowa atakwinya nkhope, n'kukhala pakhushonipo. Tiyi anabwera. Kalipentalayo anafunsa za matenda a bambo aja, kenako kuseka kunayambika. Patatha ola, mayiwo anamudzutsa, n'kusolola khadi losalala bwino.

"Ili ndi lanu, aneba. Mwalikhalira nokha, musakadandaule."