Nyali zomwe zinazimira pamwamba pa nyumba ya azakhali anga

Lachitatu m'mawa, ndikusonkhanitsa choko kuti ndikalowe m'kalasi, foni yanga inalira. Anali a Mbewe, mkulu wa mpingo kumudzi kwathu ku Msakambewa. Bambo amenewa saimba foni mwachisawawa, choncho ndinasiya choko n'kuyankha msanga.

"Aphunzitsi, bwerani mudzatenge azakhali anu. Lero lomwe. Za mawa sindingalonjeze."

Ndinafunsa ngati adwala.

"Sanadwale ayi. Koma anthu kuno akuti ndege yawo yaoneka."

Azakhali anga Anabanda ndi mlongo wawo wa malemu bambo anga. Ndi amasiye, amakhala okha, ndipo chimwalirireni amuna awo amayenda akudziyankhulira. Maso awo ndi ofiira ndi utsi wa nkhuni. Inu amene munakulira kumudzi mwadziwa kale kuti munthu wotere safunika kulakwa kanthu kuti dzina lake litchulidwe.

Ndinapempha mnzanga kuti andigwirire makalasi, ndinakwera njinga yamoto ya kabaza pa boma la Ntchisi, ndipo njira yonse, tikutsika ndi kukwera zitunda zija, ndinkangoganiza za nkhani zimene timamva pa wailesi, za agogo otenthedwera nyumba.

Nditafika, a Mbewe anandifotokozera. Lolemba dzuwa litangolowa, amayi akuchokera kumjigo anaona nyali kumwamba. Zinali zambiri, zitandandalika pamzere ngati mikanda, zikuyenda mosapanga phokoso lililonse. Zinatulukira kumadzulo, n'kufika pakati pa thambo, kenaka n'kuyamba kuzima imodziimodzi. Kwa anthu amene anaima pamjigo, malo amene zinkazimira anali pamwamba penipeni pa nyumba ya azakhali.

Madzulo omwewo Tadala, mwana wamkazi wa a Yohane oyandikana nawo nyumba, anatentha thupi mpaka kukomoka.

Zinthu ziwirizi anthu anazimanga mfundo imodzi. Pofika Lachiwiri miyala inali ikugwa pa malata a azakhali. Wina anatsegula khola, mbuzi n'kubalalika. A Mbewe ndi akazi awo anapita kukatenga azakhali, n'kuwabisa kuchipinda kwawo.

Yohane ndinakula naye. Tinkadyetsera mbuzi limodzi, tinkakhala benchi imodzi ku Sande sukulu. Ndinam'peza atakhala pakhonde, maso atatupa, amuna ena angapo atam'zungulira. Mkazi wake anali atathamangira ndi mwana kuchipatala cha ku Mtengowanthenga.

Tinapatsana moni wozizira. Kenaka ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa kanema wa nyali zonga zomwezo, wojambulidwa kudziko lina lakutali. Onse anawerama. Mmodzi anati, "Eya, n'zomwezo!"

Ndinawauza zimene ndikudziwa. Zimenezo ndi masetilaiti, makina opangidwa ndi anthu, amene amaponyedwa kumwamba ndi roketi kuti azipereka intaneti. Masiku ano sakuponya imodzi ayi, akuponya gulu pa ulendo umodzi. Masiku oyamba amayenda mothithikana pamzere, asanamwazikane. Alibe nyali zawozawo. Amawala chifukwa ali pamwamba kwambiri, kumene dzuwa likadawalabe ngakhale kuno pansi litalowa.

Yohane anafunsa:

"Nanga zinazimiranji pamwamba pa nyumba yawo?"

Ndinati zinalowa mumthunzi wa dziko lapansi. Ndinati munthu amene anaima ku Ntchisi kapena ku Mponela anaonanso ngati zikuzimira pamwamba pa nyumba ina yake, chifukwa zinthuzo zili kutali zedi.

"Inuyo munaziona?"

Ndinavomera kuti ayi. Nthawi imeneyo ndinali m'nyumba.

"Ndiye mukutiuza zimene simunaone. Ife tinaona ndi maso athuwa. Mwana wanga anali kusewera bwinobwino masana."

Tili pomwepo foni yake inalira. Anali mkazi wake. Madokotala apeza malungo, mwana am'patsa mankhwala, watsegula maso ndipo wapempha madzi. Ndinaona mapewa a Yohane akutsika. Ndinaganiza kuti nkhani yatha. Koma atatseka foni anati, chapansipansi, "Malungo amenewo anasankhiranji tsiku lomwelo?"

Owerenga anga, musafulumire kum'seka Yohane. Ine sindinaseke. Anali bambo amene mwana wake wamng'ono anauma m'manja mwake, patangopita kanthawi kochepa chinthu chimene sanachionepo chibadwire chitadutsa pamwamba pa mudzi wake. Anafuna yankho, ndipo yankho limene linali pafupi ndi lomwe tonse tinalimva tili ana.

Ndani anam'patsa yankho lina nthawi isanathe?

Apa ndi pamene pali mantha anga. Kumwamba kwasintha, ndipo ife sitinauzidwe. Makolo athu ankalidziwa thambo. Ankadziwa nthanda, ankadziwa mwezi ukakhala chotani ndiye kuti nyengo yafika pati. Chilichonse choyenda kumwamba chinali ndi dzina. Lero kumwamba komweko kukuyenda makina zikwizikwi, ndipo eni ake akunena poyera kuti akufuna kuwonjezera ena ambiri. Sadutsa pamwamba pa mayiko awo okha. Amadutsanso pa Msakambewa, pamwamba pa zigafa zathu za fodya, nthawi imene amayi akuchokera kumjigo.

Ndimawerenga kuti akatswiri a zakuthambo nawonso akudandaula. Amanga makina akuluakulu oonera nyenyezi pamwamba pa mapiri a kutali, makina otha kujambula milalang'amba imene diso la munthu silinaionepo, koma masetilaitiwa akumadutsa n'kusiya mizere yoyera pa zithunzi zawo. Amachita misonkhano, amalemba madandaulo. Ndikuwamvetsa. Koma iwo chimene chikuonongeka ndi chithunzi. Kwathu kuno chimene chikanaonongeka Lachiwiri ndi mutu wa mayi wokalamba.

Ndipo si nyali zokha. Mwina munamva za chitsulo chachikulu chonga mkombero chimene chinagwa kuchokera kumwamba m'mudzi wina ku Kenya. Akatswiri anati chiyenera kuti chinali chidutswa cha roketi. Mwamwayi sichinaphe munthu. Tsono taganizani chitagwa m'munda mwa munthu kwathu ku Dowa, chikutentha, m'sabata imene m'mudzimo mwachitika maliro. Mukuganiza kuti anthu adzadikira akatswiri ochokera ku Lilongwe?

Wailesi imatiuza za mpira, za mitengo ya fodya kumsika, za mvula ya mawa. Imatichenjeza kadamsana akayandikira, ndipo anthu amatuluka kukaonerera mosaopa, chifukwa auzidwa. N'chifukwa chiyani sitingauzidwenso kuti madzulo ena tidzaona mzere wa nyali, ndipo tisadabwe? Amene amatsata zinthuzi amadziwiratu nthawi ndi dera limene zidzadutse. Nkhaniyo ilipo, koma ili m'Chingerezi, pa intaneti, kumene Yohane safikako.

Kusukulu nakonso n'chimodzimodzi. Ine ndimaphunzitsa ana kuloweza mayina a mapulaneti motsatana, amalemba mayeso, amakhoza. Lachinayi ndinafunsa kalasi yanga kuti ndani anaona nyali za Lolemba. Manja ambiri anakwera. Nditafunsa kuti zinali chiyani, manja onse anatsika. Mtsikana wina wakutsogolo, wanzeru kwambiri, anati, "Kwathu akuti si zoyankhula."

Azakhali ndinawatenga Lachitatu lomwelo. Anatuluka m'nyumba mwa a Mbewe atafunda chitenje kumutu, atanyamula kathumba ka zovala ndi buku lawo la nyimbo. Sanalire. Podutsa pafupi ndi nyumba yawo anapempha wa kabaza kuti aime, anayang'ana malata obonyokabonyoka aja, kenaka anayang'ana kumunda.

"Abanda, mtedza wanga sindinakumbe."

Ndinati tidzabweranso.

"Tadala ndinam'landira ndine tsiku lobadwa," anatero. "Amayi ake anachira ali m'manja mwangamu, galimoto isanafike."



Tsopano ali kwathu pa boma. Mkazi wanga wawapatsa chipinda cha ana. Amadya pang'ono. Dzuwa likamapendeka amalowa m'nyumba n'kukhala chofulatira zenera. Ndinayesa kuwaonetsa kanema uja, ndi kuwafotokozera zonse monga ndinafotokozera amuna aja. Anamvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza, n'kundifunsa funso limodzi lokha.

"Zidzadutsanso liti?"

Ndinati sindikudziwa tsiku, koma zidzadutsanso ndithu.

"Ndiye ndikadzakhala ndili kuno, adzati ndawulukira kuno. Ndikadzakhala ndili kumudzi, adzati ndayambiranso."

Tadala watuluka m'chipatala, akusewera. A Mbewe andiuza kuti mbuzi zina zapezeka, ndipo akuzisunga iwo. Palibe amene wabwera kudzapepesa, ndipo palibe amene wavomera kuti anaponya mwala. Andilola kuti Lamulungu likubwerali, mapemphero akatha, ndiyankhule ndi mpingo za zinthu zoyenda kumwambazi. Ndidzapita ndi foni yanga ndi mpira woti ukhale dziko lapansi, ndi tochi yoti ikhale dzuwa. Sindikudziwa ngati adzandikhulupirire. Azakhali akuumirira kuti adzapita nane, akuti mtedza ukachedwa umamera m'nthaka. Ine ndikuopa kupita nawo, ndipo ndikuopanso kuwakaniza, chifukwa mudzi umenewo ndi wawo.

Umenewo ndi mudzi umodzi, ndipo uli ndi a Mbewe amene anatsegula chitseko chawo. Midzi ina yonse ya m'mapiri muno ili pansi pa thambo lomwelo.

Tsono inu aphunzitsi anzanga, abusa, alangizi a zaumoyo, ndi inu a pa wailesi amene mawu anu amafika kumene ine sindingafike: mzere wina wa nyali ukadzadutsa pamwamba pa mudzi wanu, anthu adzakhala atamva kale kwa inu kuti n'chiyani, kapena adzayamba n'kufunsana kuti nyumba ili pansi pakeyo ndi ya gogo uti?