Mango Aawisi M'bwato pa Songwe

Amuna anga anamwalira chaka chatha, mvula itangoyamba. Ana amandiuza kuti ndizikamba za bambo awo, koma ndikati ndiyambe, za kuchipatala sizibwera ayi. Chimene chimabwera ndi tsiku lina la chilimwe, tikadali achinyamata, pamene ndinakwera bwato koyamba.

Nthawi imeneyo iwo ankaphika pa nyumba ya alendo ya boma ku Chitipa. Ine ndinali nditangochoka kumene kwathu ku Nthalire kudzakhala nawo. Kwathu mitsinje timaoloka ndi miyendo, chitenje titapinda m'mawondo. Bwato ndinkangolimva kwa anthu.

Kunabwera azungu awiri, bambo ndi mkazi wake, amene ankayendayenda kuona mbalame. Sankazigwira, sankazidya, ankangoziona basi. Anamva kuti pa mtsinje wa Songwe pali gombe lalitali pamene mbalame zimakumba mauna ngati mbewa, ndipo anafuna kukafikako pa bwato. Anapempha amuna anga kuti awaperekeze. Masiku amenewo a chipani chimodzi mkazi sankaloledwa kuvala thalauza, pamene dona uja anabwera ndi mathalauza okhaokha. Chitenje anagula, koma akayenda pang'ono chinkamasuka. Amuna anga anati, "Tiyeni ndi mkazi wanga, azikakumangani." Ndinasangalala moti ndinapsereza ndiwo.

Koma ndinali ndi vuto limodzi. Ndinali ndi pathupi pongoyamba kumene, ndipo amuna anga sankadziwa. Kwathu pathupi poyamba suulula wekha kwa mwamuna. Umauza mayi wachikulire, iye amakauza akuchimuna, kenako amabwera kudzakuuzani nonse awiri mutakhala pamphasa. Uthenga ndinali nditatumiza kwa azakhali awo ku Lufita, koma anali asanabwere. M'mawa uliwonse mseru unkandigwira, ndipo ndinkakasanzira kuseri kwa khitchini. Ndinadziwa kuti akandiona ndikudwala andisiya. Ndinathyola mango aawisi n'kuwamanga pansonga ya chitenje, pamodzi ndi kamchere.

Tinayenda pa galimoto ya azunguwo, fumbi mpaka m'mano. Pa dooko tinapeza bambo wachikulire, mwini bwato, akukapa madzi ndi chigoba cha mphonda.

"Monire adada," anatero amuna anga.

"Yewo, yewo. Awa ndi amama akunyumba? Anakwerapo?"

"Wa kumapiri uyu, madzi amangowadziwa a m'ndowa."

"Ndiye akhale pakati, asaimirire. Akaimirira tikagona ku Tanzania tonse."

Tanzania yake inali pompo, kutsidya, amayi akuchapa zovala n'kumatiyang'ana. Ndinamanga chitenje cha dona mfundo ziwiri, ndinagwira dzanja la amuna anga, ndipo ndinalowa.

Ha, bwato likachoka pamtunda! Pansi pamathawa. Ndinakuwa, kenako ndinayamba kuseka, osatha kuleka. Madzi anali pafupi moti ndinaviikamo zala. Dzuwa linali litawawa kale, koma pamadzi pankapita kamphepo kozizira. Akakowa anali ataima pamchenga, oyera mbee. Mpheta zinali zitapachika zisa pa bango, zikulongolola ngati pa msika. Kambalame kena kobiriwira kanagwera m'madzi chamutu, n'kutuluka ndi kansomba kukamwa. Dona anandipatsa magalasi ake oonera kutali. Poyamba ndinangoona mdima, kenako mwadzidzidzi nkhwazi inali pamphuno panga, diso lake lonse. Ndinabweza mutu, bwato linagwedezeka.

"Polepole amama, pang'onopang'ono!" anakuwa mwini bwato. "Sikudyani imeneyo, ili kutali."

Tinaonanso chisa cha nantchengwa pamphanda ya mtengo, chachikulu ngati nkhokwe. Mzungu wamwamuna ankangonong'ona kwa mkazi wake, akuloza uku ndi uku. Ine sindinkanong'ona. Chilichonse ndinkafuula, "Onani iyo! Onani inayo!"

Kenako mseru unabwera. Pansi pa bwato pankanunkha nsomba zakale. Malovu anadzaza m'kamwa. Ndinayesa kumeza, ndinayesa kuyang'ana kumwamba, koma zinakanika. Ndinaweramira m'mbali n'kusanza.

Amuna anga anandigwira paphewa. Nkhope yawo inali itasintha.

"Adada, kochezani apo pamchenga. Atsike, akhale pamthunzi, timutenga pobwerera."

"Sinditsika," ndinatero.

"Iwe, ukudwala. Madzi akuzunguza mutu."

"Si madzi ayi."

"Nanga n'chiyani?"

Kunena sindikanatha, ndipo bodza sindinalikonze. Bwato linali litayamba kale kukhotera kumchenga. Ndinafunsa mwini bwato ngati gombe la mbalame linali kutali, iye anati tikangokhota kawiri tafika. Misozi inalengeza. Kubwera konseku, n'kukathera pansi pa mtengo ndekha, anzanga akukaona!

Mseru unkabweranso, ndiye ndinamasula nsonga ya chitenje, ndinatulutsa bango limodzi mwa mango aja, ndinalipaka mchere n'kuluma. Linali lowawasa, loyera m'kati, loti munthu wabwinobwino sangalidye. Ine ndinalidya ngati nyama, ndipo m'mimba munakhala bata.

Mwini bwato analeka kupalasa. Anayang'ana bango lija, anayang'ana ine, kenako anayang'ana kumwamba ngati waona mbalame.

"Mwana wanga," anatero kwa amuna anga, "amenewa si matenda otsitsira munthu. Ine ndili ndi ana ambiri, sindinenanso zina."

Amuna anga anakhala kukamwa kuli yasa. Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana madzi. Iwonso mwambo ankaudziwa. Sakanatha kundifunsa, ndipo sakanatha kusonyeza kuti adziwa. Anavula chipewa chawo n'kundiveka. Anavula jekete n'kulipinda kuti ndikhalire.

"Pitirizani adada," anatero. "Koma pang'onopang'ono. Miyala muziiona."

"Mwayamba kundiphunzitsa mtsinje wanga?"

Chimwemwe chinawasowetsa pokhala. Poti sakanatha kukamba chimene chinali mumtima, anachithira pa mbalame. Njiwa ikadutsa, "Bwana, onani njiwa!" Khwangwala akalira, "Dona, khwangwala uyo, wokongola bwanji!" Munthu amene m'mawa ankati mbalame yabwino ndi ya m'mbale. Mzungu uja ankawauza kuti achepetse mawu, iwo ankavomera, koma pang'ono pokha ayambiranso.

Titakhota kachiwiri, gombe lija linaoneka. Linali lalitali kuposa nyumba, lofiira, lodzaza mauna kuyambira pamwamba mpaka pakati. Mbalame zake zinali zobiriwira, pakhosi pofiira, pamphumi poyera. Zinkatuluka m'mauna, kuwakha tizilombo m'mwamba, n'kubwerera. Mwini bwato anagwira bango la m'mphepete kuti tiime. Tili chomwecho, kabawi anadutsa, ndipo zonse zinauluka nthawi imodzi pamwamba pathu, mpaka mthunzi wake unatiphimba. Ndinaiwala mseru, ndinaiwala ulemu, ndinaimba nthungululu. Amayi ena akutsidya anandiyankha. Dona anaseka mpaka chitenje chinamasuka ngakhale chinali ndi mfundo ziwiri.

Pobwerera tinapeza anyamata a chipani pa dooko, akuona makhadi. Masiku amenewo sunkalowa mumsika kapena kukwera basi wopanda khadi, ndipo mayi akaoneka kuti ndi woyembekezera, ena ankamugulitsa awiri, lina la mwana wa m'mimba. Anthu tinkagula mokwinya nkhope. Amuna anga anaonetsa lawo ndi langa, anyamatawo anati tidutse. Amuna anga sanadutse. Anapisa m'thumba.

"Ndipatseni lina."

"Lanu lili bwino, bambo. Linalo n'la yani?"

"Mwini wake ali m'njira."

"Dzina tilembe ndani?"

"Siyani choncho, adzakuuzani yekha."

Amuna anga anandipatsa khadilo osandiyang'ana, akumwetulira cha kumbali. Ine ndinalilandira ndi manja awiri. Anapita kutsogolo kukatsegula chitseko cha galimoto, n'kupempha bwana uja kuti ine ndikhale pampando wofewa, iwo akhala kumbuyo ndi katundu.