Waya amene ndinakoka kwa apongozi

Magetsi ndinayamba kugwira ndilibe ndevu, koma masamu ake ndinawadziwa imvi zitayamba. Zaka zonsezo waya ndinkasankha ndi maso ndi chala. Munthu akafunsa chifukwa, ndinkangoti, "Ameneyu akwana," nkhani n'kuthera pomwepo. Ndiye kufakitale ya ku Makata kumene ndinkagwira ntchito kunabwera bwana watsopano, wa tayi, n'kulamula kuti aliyense wogwira mawaya akhale ndi layisensi, apo ayi aone msewu. Ine mkwiyo! Munthu woti magetsi sanamugwirepo n'kamodzi komwe azindiuza za pepala? Koma ana sadya mkwiyo, ndinakalembetsa mayeso.

Tinkaphunzira Loweruka masana m'kachipinda kena pamwamba pa shopu ku Limbe. Mphunzitsi wathu, mdala wopuma pantchito, anatisonyeza kawerengedwe ka katundu amene waya amasenza. Zophweka mpaka kuchititsa manyazi. Chipangizo chilichonse chili ndi mawatsi ake olembedwa kunsi. Uwaphatikize, ugawe ndi mavoti 230, wapeza maampu, ndiye mphamvu yodutsa m'waya. Waya aliyense ali ndi malire ake, ukapyola amatentha. Breka ntchito yake ndi kuzimitsa magetsi waya asanapse, choncho breka asakule kuposa waya. Atatero anatituma kuti aliyense akawerengere nyumba imene akuidziwa.

Ine ndinasankha mdadada wa apongozi anga aakazi ku Mbayani: zipinda zinayi za lendi kuseri kwa nyumba yawo, mita imodzi. Mawaya ake ndinakoka ndine zaka zisanu ndi zitatu m'mbuyomo, ulele, monga mkamwini wabwino. Ndinatenga waya woonda wa 2.5 wotsala pantchito ina n'kumuyendetsa m'denga kuchokera pamita mpaka chipinda chomaliza. Nthawi imeneyo alendi anali ndi mababu ndi wailesi basi. Makala atakwera mtengo anayamba kugula mahotipuleti, breka n'kumangogwa. Apongozi atadandaula, ndinachotsa breka wa maampu 20 n'kuikapo wa 60. Sanagwenso. Anandiphera nkhuku.

Lamlungu ndinayenda chipinda ndi chipinda ndi kope langa, kutembenuza maketulo ndi masimbi ositira, alendi akundiseka kuti mkamwini wasanduka mwana wa sukulu. M'chipinda choyamba, choyandikana ndi mita, munkakhala mayi wina wamasiye ndi ana awiri. Iye makala anawasiyiratu chifukwa mwana wake wamng'ono anali ndi mphumu, utsi unkamubanika. Anali ndi hotipuleti ya mbale ziwiri, ndipo anaipukuta kaye asanandipatse.

Nditaphatikiza zonse ndinapeza mawatsi 9,200. Kugawa, maampu 40. Waya wanga uja malire ake anali makumi awiri ndi kakuti. Ndinabwereza katatu, poganiza kuti mwina mutu wakalamba. Buku limalola kuchotserako, eti anthu sayatsa zonse nthawi imodzi. Wolemba bukulo sanakhaleko ku Mbayani! Kwathu magetsi akazima tsiku lonse, pobwera ana amakuwa kuti "Ayaka!" ndipo aliyense amathamangira soketi: wophika, wosita, wotenthetsa madzi, onse pakamodzi, poopa kuti azimanso. Ndinakwera pampando m'chipinda cha mayi uja n'kugwira waya pamwamba pa siling'i yake ya makatoni. Anali wofunda, wofewa ngati chingamu. Katundu wa zipinda zonse zinayi ankadutsa pamwamba pa mutu wake asanagawikane.

Kubwezeretsa breka wa 20 inali ntchito ya mphindi khumi. Koma akanayambanso kugwa, anthu akanafunsa, ndipo ndikanayenera kukhala pansi pamaso pa apongozi n'kunena kuti nkhuku ija ndinadya yaulere, ntchito yanga inali msampha. Ine amene ndinkanyoza anyamata a mapepala! Ndinachita manyazi, palibe china. Ngakhale mkazi wanga sindinamuuze. Ndinati ndilembe kaye mayeso, kwangotsala masabata atatu, waya wapirira zaka zonsezi.

Mayeso ndinalemba Lachiwiri. Funso lalikulu linali la nyumba ya zipinda zogona zitatu, chitofu, giza ndi masoketi, tipeze waya ndi breka woyenera. Ndinalimaliza ena akadaluma zolembera. Potuluka ndinati Loweruka ndikagula waya wonenepa wa 10 ku Limbe n'kukakonza mwakachetechete.

Lachinayi magetsi anazima m'mawa n'kuyaka cha m'ma folo. Mkazi wanga anandiimbira ndili kuntchito, akulira, ndipo ndinathamanga kuchokera ku Makata ovolosi ili m'thupi. Ndinapeza moto atauzimitsa kale ndi ndowa ndi mchenga, koma chipinda choyamba chinali chitatha: malata opindika, matiresi, mayunifolomu a ana, zonse phulusa. Palibe anafa. Mwana wa mphumu uja anamutulutsa atakomoka ndi utsi, ndipo anagona kuchipatala masiku asanu.

Mwanayo atatuluka, apongozi anaitanitsa alendi onse pakhonde. Nkhani inali itaphikidwa kale pampopi: hotipuleti ya mbale ziwiri ija, mayiyo ankaigwiritsa ntchito mopanda chisoni. Iye anakhala pansi pambali, mwana ali pamiyendo. Apongozi anayang'ana kumbali monga amachitira polankhula nane.

"Akamwini, odziwa za magetsi pano ndinu. Tiuzeni, chayatsa moto n'chiyani?"

Kope lija linali m'chikwama changa, maampu 40 nditawazunguliza ndi bolopeni yofiira. Mkazi wanga ankandiyang'ana monyadira.

"Mwina ndi hotipuletiyo, amayi," ndinatero.

Mawu oti mwina palibe anawamva. Apongozi anauza mayiyo kuti asamuke sabata isanathe, kuti sangasunge munthu wowaotchera nyumba. Alendi enawo anavomereza, aliyense ali ndi hotipuleti yake m'chipinda.

Mayeso ndinakhoza, ntchito sinandithere. Mdadada ndinaukonzanso wonse ndi waya wa 10 ndi breka woyenera, anthu n'kumati mkamwini uyu ndi wamtima.

Tsiku limene mayiyo ankachoka anandipeza ndikuchotsa waya wakupsa uja. Katundu wake yense anakwana m'beseni limodzi. Analitula pansi, n'kugwada pang'ono, manja pamodzi.

"Abambo, pepani. Munavutika kutikokera magetsi, ine ndakuonongerani ntchito yanu. Mundikhululukire."

Ndinali pamakwerero, pulayala ili m'manja. Ndikudana nawo mpaka lero mawu amene ndinayankha.

"Musadandaule mayi, zimachitika."