Chaka Chimene Nkhumba Yathu Inakana Madeya

Tinali ndi mtondo wakale wong'ambika m'mbali, umene amayi anaugoneka m'khola kuti nkhumba izidyeramo. Ndikatsinzina ndimauonabe, wakuda, woterera m'kati, wonunkha madeya osasa. Tsiku limene anandipatsa ntchito yothira chakudya mumtondomo, amayi anandigwira khutu n'kunena kuti, "Munthu akaima pakhola pano n'kuyamba kutama nkhumba, iwe usaseke naye. Uziyang'ana manja ake mpaka achoke." Ndinali ndi zaka ngati zisanu ndi zinayi. Lero ndili ndi zidzukulu, koma manja a anthu ndimawayang'anabe, ngakhale a abusa amene.

Kwathu kunali kuseri kwa Msakambewa, pamtunda pamene mphepo ya mu Juni imalowa mpaka m'mano. Bambo anali atapita kale ku esiteti ya fodya osabweranso, ndiye chuma chathu chonse chinali nkhumba imodziyo, yaikazi, yoyera ya mawanga akuda. Chaka chimenecho inali ndi bere.

Kumunsi kwa chigafa chathu cha fodya kunkakhala mayi wina amene tinkangomutchula kuti a kumunsi. Anali mtengwa, anabwera ndi ukwati kuchokera ku Nachisaka. Amuna awo atamwalira anangotsalira m'mudzi mwa eni, opanda mwana, opanda mlongo wowayankhulira. Anali ndi kankhumba kawo kowonda, koma makoko a mbatata ankagawirako yathu. M'mawa uliwonse popita kuchitsime ankaima pakhola, n'kuikanda kuseri kwa khutu.

"Yanonatu iyi! Mudzandisungireko kamodzi ikabereka," ankatero.

Ine ndinkayang'ana manja awo monga anandiuzira. Anali manja ong'aluka ndi chisanu, opanda kanthu.

Lamulungu lina amalume anabwera pa njinga kuchokera kumidzi ya cha ku Kasakula, atamanga nyama yambiri m'masamba a nthochi. Ankaseka potsitsa. "Kumeneko akupha nkhumba ngati mudzi wonse ukukwatitsa. Idyani, alongo, mwana uyu wayamba kufanana ndi nsungwi!" Nyamayo inali yofiira moderako, ya timadontho ta magazi m'mafuta. Palibe anafunsa chifukwa chimene anthu angaphere nkhumba zambiri chotero popanda ukwati. Amayi anaitsuka m'beseni, madzi n'kusanduka ofiira. Kwathu madzi a kukhitchini sankatayidwa, onse anali a nkhumba.

"Kathire m'madeya," anatero.

Ndinanyamula beseni ndi manja anga awiriwa. Nkhumba inadya mokuwa, n'kunyambita mtondo mpaka kuwala.

Patapita masiku anayi ndinadzuka ndikumva kuti china chake chasowa pakhomo. Ndinaima pakhonde nthawi yaitali ndisanazindikire kuti kulibe kulira. Nkhumba yanjala imadzutsa mudzi, koma yathu inali chete. Ndinaipeza itaima pakona, mphuno itagunditsa ku mtengo wa khola, ngati mwana amene wauzidwa kuti ayang'ane kukhoma. Ndinathira madeya, osatembenuka. Ndinagogoda mtondo ndi ndodo, osatembenukabe. Nditaika dzanja pamsana pake ndinalichotsa msanga, chifukwa inkatentha ngati mwala wa pafuwa.

Amayi anayesa zonse zimene ankadziwa. Anawaza mchere m'madeya. Anaphika phala lofunda, limene ife tinkalilakalaka, n'kuliika pamphuno pake. Anaviika makungwa a muwawani n'kuimwetsa ndi botolo ine nditagwira mutu, madzi owawawo akutsikira m'manja mwanga. Tsiku lachiwiri makutu ake ndi kumimba kunada ngati nthudza zakupsa. Ikafuna kuyenda, miyendo yakumbuyo inkapita kwina. Chimene sindiiwala ndi mimba yake. Yokha inagona osaphethira, koma m'kati tiana tinkagundagunda, ngati anthu amene atsekeredwa m'nyumba. Tsiku lachitatu tianato tinasiya kugunda.

Ndi pamene amayi anakumbukira dzanja la a kumunsi. Sanakalipe, sanaloze munthu. Anangonena kuchitsime, akutsuka ndowa, "Ine sindikunena munthu ayi. Ndangoti dzulo lake anaigwira khutu, ndipo khutulo ndi limene layamba kuda." Azimayi anayang'anana. Mawu oterowo ndimawaopa kuposa mpeni, chifukwa wowanena amapita kwawo manja ali oyera.

Nkhumba itayamba kupuma mobanika, azibambo anati isafe yokha, nyama ingawonongeke. Anaibaya masana omwewo kuseri kwa chigafa. Monga mwa chikhalidwe chathu, chiweto chikaphedwa chotero khomo lililonse limalandirako, kuti tsoka likadzagwa kwa iwo nawonso adzakukumbukireni. Ndinayenda ndi mbale mudzi wonse. Khomo limodzi lokha ndi limene amayi anandiletsa.

"Kumunsi usapiteko. Adya kale gawo lawo."

Sabata isanathe makola anayamba kukhala chete, limodzilimodzi, kutsatira njira yomweyo imene ndinayenda ndi mbale. Khomo lililonse linatsuka nyama, khomo lililonse linathira madziwo m'madeya. Ine sindinazione zimenezo nthawi imeneyo. Ndinkangoona akhwangwala atadzaza pamitengo ya bulugamu ndi agalu okhuta atagona panjira osauwa. M'mawa mudzi unkadzuka ngati kuli maliro amene sanalengezedwe.

Inatsala nkhumba imodzi m'mudzi monse, kankhumba kowonda ka a kumunsi. Kankadya bwinobwino, kankalira m'mawa uliwonse, ndipo kulira kwake kunkamveka mpaka kuphiri. Anthu sanafunenso umboni wina. Kuchitsime azimayi ankasuntha ndowa zawo a kumunsiwo akafika. Moni wawo unkagwera pansi. Tsiku lina anandipeza ndekha panjira, n'kundifunsa motsitsa mawu, "Mwanawe, ndalakwa chiyani kwa amako?" Ndinathawa.

Kusukulu aphunzitsi, amene nawonso nkhumba zawo zinali zitatha, anaimitsa masamu tsiku lina n'kutiuza zimene anamva kwa alangizi a ziweto. Anati matendawo dzina lake ndi chigodola, alibe mankhwala, ndipo sayenda ndi mfiti. Amayenda m'nyama, m'magazi, ngakhale m'madzi otsukira nyamayo. "Mukauze makolo anu, nkhumba yodwala ikwiriridwe mozama, osagawana." Anzanga ankaseka kuti aphunzitsi akufuna tikwirire ndiwo. Ine ndinamva beseni lija likulemera m'manja mwanga.

Ndinathamanga mpaka kunyumba. Ndinapeza amayi akupeta, ndipo ndinawauza zonse osapuma: nyama ya amalume, madzi ofiira, mbale imene ndinayenda nayo, khomo limene sitinaperekeko nyama. Lichero linaima. Sanadabwe, ndipo mpaka lero kusadabwa kwawoko kumandizizira m'mafupa.

"Wauzanso ndani?"

"Palibe."

"Amalume ako ndiwo mwini mbumba. Ukadzadwala adzakunyamula ndi iwo, ukadzakwatiwa adzakuimira ndi iwo. Ukufuna mudzi wonse uwagwire pakhosi? Tseka pakamwa."

Lichero linayambanso kuyenda. Ndinatseka pakamwa.

Kunali kumapeto kwa chisanu pamene chitseko cha a kumunsi chinagona chotseka mpaka dzuwa kufika pamutu. Utsi sunatuluke padenga. Kankhumba kanalira tsiku lonse, kulira kwa njala, kobwerezabwereza, ndipo anthu ankadutsa atayang'ana kumbali. Ndinauza amayi kuti kumunsi sikunafuke. Anati, "Zawo izo." Tsiku lachiwiri ndinapita kukaima kuseri kwa chigafa. Ndinamva kutsokomola kamodzi, kenako ngati mawu oitana, koma mphepo inali yambiri, ndipo ndinadziuza kuti ndi nkhuku. Ndakhala ndikudziuza zimenezo zaka zonsezi.

Tsiku lachitatu masana kankhumba kanathyola khola. Kanayenda pakati pa mudzi pang'onopang'ono, kakununkhiza makola opanda kanthu, limodzi ndi limodzi, ndipo palibe anakaponya mwala, palibe anakathamangitsa. Azibambo akuluakulu analowa m'nyumba. Kanafika pakhomo pathu, kanaima n'kuyang'ana amayi. Apo ndi pamene amayi anavala mpango, n'kukaitana azimayi awiri a mpingo.

Anawapeza a kumunsi pamphasa atazizira kale, dzanja litaloza ku ndowa imene inali patali pang'ono, pafupi ndi chitseko. Munali madzi m'ndowamo. Ena anati chinali chibayo, ena anati zawo zomwe zawabwerera.

Amene anasambitsa mtembo ndi amayi. Anapereka nsalu yawo yatsopano, imene ankaisungira Khirisimasi. Kumanda analira kuposa aliyense, mpaka kugwa pansi, anthu n'kumanong'onezana kuti mayi ameneyu ndi wamtima wabwino, kulirira chotero munthu amene anamuphera chiweto. Amalume anabwera nawo pamaliro, anakumba nawo manda, anadya, anakwera njinga yawo. Ine ndinkaganiza kuti amayi akulira chifukwa choopa mzimu, kuti usadzatibwerere. Sindinkadziwa kuti munthu angathe kukonda mnzake n'kumupereka, zonse ndi mtima umodzi womwewo, ndiponso kuti amene ukumulira akhoza kukhala amene unamumva akuitana.

Tsopano ndimakhala ndekha, mbali ya kuno ku Ntchisi kumene ndinakwatiwa. Nanenso ndine mtengwa, amuna anga anatsogola, ana ali m'tauni. Anthu a pano amati ndine wovuta, ndipo sakunama. Sindilandira chakudya cha munthu, sindiuza munthu kumene ndikupita, ndipo ana a m'mudzi ayamba kuthawa akandiona panjira. Ndikudziwa mmene zimayambira.

Choncho inu amene mwawerenga izi, ngati njira yanu imadutsa pakhomo panga, muziponyako maso padenga. Mukaona dzuwa lakwera, chitseko chili chotseka, utsi kulibe, musadikire tsiku lachitatu. Gogodani. Mwina ndikukalipirani ndili m'kati momwemo, ndikufunsani kuti wakutumani ndani. Musachoke mpaka mutandiona nditaima.