Tsiku limene ndinamunjenjemeretsa pamaso pa mabwana ake

Ndili kusukulu kunja kwa dziko, mwamuna amene anandilonjeza ukwati anakwatira wina osandiuza. Ndinamva pafoni kwa mayi anga, ali m'shopu yawo ya nsalu ku Area 1. Tsiku limenelo ndinapitabe ku labu, chipinda chofufuziramo za sayansi. Ntchito yanga inali younika timagulu ta mamolekyu, tizigawo ting'onoting'ono ta madzi, ndi kuwala kwamphamvu kotchedwa leza, n'kumaona mmene tikunjenjemerera. Kunjenjemerako ndi kumene kumaulula pamene pali pulotoni, kanthu kakang'ono kwambiri kamene kamadumpha kuchoka pa molekyu ina kupita pa inzake. Ndinalira ndili pamakina pomwepo. Misozi inauma, koma mkwiyo ndinabwera nawo kumudzi.

Nditabwerera ku Lilongwe, ndinaitanidwa kukalankhula pamsonkhano wa sayansi ku City Centre. Polowa m'holo ndinapeza woyendetsa mwambo ali mwamuna uja, atavala suti yothina, mabwana ake atakhala mzere wakutsogolo.

"Takulandirani, adokotala," anatero, maso ali pansi.

Ndinayamba bwinobwino. Ndili mkati molankhula, ndinati ndikufuna anthu oti ayerekeze kukhala mamolekyu a madzi. Ndinaitana ophunzira anayi, kenako ndinamuloza.

"Inunso bwerani, achimwene. Muime pakati."

Sakanatha kukana. Ndinamupatsa lalanje, ndikuti limeneli ndiye pulotoni, ndipo amene waligwira ayenera kunjenjemera mpaka alipereke kwa mnzake.

"Njenjemerani," ndinamuuza.

Anagwedeza mapewa pang'ono.

"Ayi, makina anga sangaone zimenezo. Thupi lonse, mawondo omwe!"

Holo yonse inafa ndi phwete. Bwana wina wa imvi ankapukuta misozi ndi mpango. Ine ndinatembenukira kwa anthu n'kuyamba kufotokoza zithunzi zanga modekha, chimodzichimodzi, ngati ndamuiwala. Akangoti apumire, ndinkati, "Musaleke, lalanje likadali kwa inu." Thukuta linanyowetsa kolala, tayi inapotoka, ndipo mafoni ambiri anali m'mwamba kujambula.

Pa nthawi ya tiyi anandipeza pakhonde.

"Wachitira dala," anatero motsitsa mawu.

"Eya, ndachitira dala."

Anayembekezera kuti ndiwonjezera mawu ena. Ine ndinangotenga samusa wina n'kupita kukacheza ndi ophunzira aja.

Kanemayo anazungulira m'maofesi sabata yonse. Anafika mpaka kwa mkazi wake ku Area 47, ndipo ndinamva kuti nayenso anaseka. Mng'ono wanga anandifunsa ngati sindinamve chisoni. Ndinafufuza mumtima mwanga moona, koma sindinachipeze.