Mafuta a m'Saluni pa Chifuwa cha Phulusa

Mayi amene anthu amamutcha Nachipeso anayamba kuluka tsitsi asanathe n'komwe msinkhu. Ankaluka anzake pakhonde, kenako anapeza kachipinda m'mphepete mwa msewu wopita kumsika, n'kuikamo galasi lothetheka pakona, mipando iwiri ndi shelefu ya mabotolo. Dzanja lake n'lofewa. Ngakhale ana amene amayamba kulira akangoona chipeso amagona tulo ali pamiyendo pake. Chimene ankakhulupirira pa ntchito yake chinali chimodzi: tsitsi loipa kulibe, limene lilipo ndi losowa mafuta basi.

Amuna ake ndi oyendetsa ngolo. Amanyamula simenti, matabwa, mchenga ndi katundu wa anthu osamuka, ndipo wokoka ngoloyo ndi kavalo wotuwa, dzina lake Phulusa. Kudziwana kwawo kunachokera kwa kavalo yemweyo. Tsiku lina bamboyo analowa m'saluni chipewa chili kumanja, n'kufunsa ngati angamugulitse chipeso cha mano otalikirana.

"Cha mayi akunyumba?" anafunsa Nachipeso.

"Ayi, mayi kulibe. N'cha mchira."

Azimayi amene anali pamzere anaseka mpaka misozi. Chipesocho anamupatsa ulere, ndipo mvula yotsatira isanagwe anali atakwatirana. Kenako kunabadwa ana aakazi awiri tsiku limodzi, basi pakhomo mayina awo akale n'kuiwalika. Anakhala bambo a mapasa ndi mai a mapasa.

Kuseri kwa nyumba yawo kuli khola lamalata, logundana khoma ndi chipinda chogona. M'kholamo, pathabwa lapamwamba, pamakhala bokosi limene ana saloledwa kukhudza. Mulibe zambiri. Muli chipeso cha labala cha timano tatifupi, chokwana m'chikhatho, chimene mwini wake amati ndiye mkulu wa onse. Muli burashi yolimba imene thabwa lake linakumbika pogwira chala chachikulu, ndi burashi yofewa ya kumaso. Muli kachitsulo kokhota kochotsera miyala m'ziboda, kamene anakapinda okha kuchokera ku chogwirira cha ndowa. Muli chiguduli chopukutira thukuta, sopo wopanda fungo ndi kachitini ka mafuta opaka malamba kuti chikopa chisaume. Anzawo a ngolo akamaonetsana mabotolo owala ogula kusitolo ya ziweto, bambo a mapasa ankangopukusa mutu.

"Kavalo sawerenga botolo," ankatero. "Amadziwa dzanja."

Nachipeso sankalowerera za m'khola. Yense anali ndi mitu yake yosamalira.

Ndiye linafika tsiku loipa. Potsitsa katundu pamalo omanga nyumba, mulu wa matabwa unagumuka n'kuwapsinja mwendo. Anagona kuchipatala, ndipo anabwerako ndi chikhakha kuyambira kuphazi mpaka m'ntchafu. Munthu amene ankadzuka mbalame zisanalire anayamba kungogona choyang'ana kukhoma. Chakudya ankangochilawa. Ndevu zinamera osazisamala, ndipo mapasa akamawafunsa kanthu ankayankha ndi mphuno.

Ngolo anaitenga achimwene awo, bambo wadazi, wa mawu okweza ngati akulankhula ndi munthu wa tsidya lina. Sanali munthu woipa, koma zozungulira sankazidziwa.

"Mlamu, ine kuyendetsa ndiyendetsa," anatero ataima pakhomo la khola. "Koma kusambitsa ndi kupesa nthawi ndilibe. Oumba njerwa akufuna kavalo, ndipo andifunsa kale kawiri konse. Mukaona kuti zikukukanikani, nenani tisanamuwononge."

"Alamu, ine ndapesa mitu yoti inu mukanaithawa. Ubweya wa kavalo ungandikanike?"

"Chabwino, tione. Koma ndikadzangopeza wayamba kuwonongeka, ndikumutenga tsiku lomwelo. Kavalo si chidole."

Nachipeso ankadziwa mmene akavalo a kwa oumba njerwa amaonekera, nthiti panja, mitu pansi. Ankadziwanso kuti Phulusa akachoka, munthu wogona kuchipinda uja sadzaonanso chodzukira.

Anatsegula bokosi lija n'kuyesa chipeso cha labala pa mkono wake. Chinakanda ngati chokwechera mapoto. Burashi yolimba nayo chimodzimodzi. "Amuna ndi ankhanza ndithu," anadziuza, n'kuzikankhira kumapeto. Anatenga burashi yofewa yokha, ndipo kuchokera kusaluni anabweretsa botolo la mafuta ake abwino kwambiri, amene amasungira akwati. M'mawa uliwonse ankamudzoza Phulusa kuyambira m'khosi mpaka kumchira, osasiya pachifuwa pamene pamadutsa lamba wokokera ngolo. Mchira anauluka bwinobwino. Kavaloyo ankanyezimira moti anthu mumsewu ankacheuka.

"Koma mlamu, mwamusandutsa mkwatitu uyu," anatero alamu akuseka, n'kumanga malamba osayang'ana n'komwe.

Sipanapite nthawi, Phulusa anayamba kunyinyirika akaona lamba. Makutu ankawagoneka kumbuyo, khungu n'kumanjenjemera. Madzulo ena Nachipeso atagawa ubweya wa pachifuwa ndi zala, monga amachitira pamutu pa kasitomala, anapeza malo okwana chikhatho cha mwana ubweya utasosoka, khungu lili psuu. Anachita chimene dzanja lake linazolowera: anawonjezera mafuta. Mawa lake panali pataphulika chilonda, ntchentche zikuzungulira.

Sanauze munthu. Anapesa ubweya wa pamwamba kuti ugwere pachilondapo, n'kumapemphera kuti alamu apitirize kumanga malamba maso ali kumsewu.

Masana a tsiku limenelo, atalowa kuchipinda ndi madzi akumwa, amuna ake analankhula osatembenuka.

"Mai a mapasa, chipeso cha labala chija chinatayika?"

"Chilipo."

"Nanga bwanji sindikumva kugogoda? Munthu ukapesa pang'ono chimadzaza fumbi, ndiye umachimenyetsa pamtengo wa khola. Chibwerereni kuchipatala ndakhala ndikutchera khutu pakhomapa. Zii."

"Chija chimakanda, bambo a mapasa. Ndimamumvera chisoni."

Apo m'pamene anatembenuka. Anagwira dzanja lake limene linali ndi kapu, n'kulinunkhiza.

"Mukumudzoza chiyani mwana wanga?"

Nachipeso anabweza dzanja lake n'kulipukuta pachitenje.

"Ndipatseni ndodo zija."

Ndodo za kuchipatala zinali zisanagwirepo ntchito, zinkangokhala kuseri kwa chitseko. Ulendo wochoka pabedi kukafika kukhola unali ngati wopita dziko lina. Nachipeso anawachirikiza m'khwapa, mapasa akukoka mpando wa kukhitchini kumbuyo. Alamu anali atangobweza kavalo n'kupita. Phulusa atamva fungo la mbuye wake analira chapansipansi, n'kukankhira mphuno m'malaya mwawo mpaka pang'ono awagwetse.

Bambo a mapasa atakhala pampando anayang'ana mchira wolukidwa uja, ndipo kwa nthawi yoyamba chivulalire anaseka. Kenako anaona chilondacho, kuseka n'kuthera pomwepo.

"Tabweretsani lambayo. Pitsani chala mkatimu."

Mkati mwa lambayo munali matope akuda, onata, okhala ndi timiyala tomveka kuchala.

"Mafuta anuwo amaitana fumbi. Fumbi likakumana ndi mchere wa thukuta, lamba n'kumakhutiza tsiku lonse, ndiye kuti mukumutsuka ngati poto. Makasitomala anu mukawadzoza amapita kuukwati. Uyu amapita kokoka simenti."

"Ine ndimati ndikumukonda," anatero Nachipeso, misozi ili lengelenge. "Safunsa anadya phula, ndine ndemwe."

"Nanenso ndinangogona ngati chipika osakuuzani kanthu. Tiyeni, tengani ndowa."

Anayamba ndi kusambitsa thupi lonse ndi sopo wopanda fungo uja mpaka mafuta onse anachoka. Chilonda anachitsuka ndi madzi amchere ofunda, n'kupaka mankhwala othamangitsa ntchentche m'mbali mwake. Kavalo atauma, bambo a mapasa anaonetsa mkazi wawo kagwiridwe ka chipeso cha labala: mozungulira, molimba, pamnofu pokha osati pamafupa. Nachipeso anayamba mwamantha. Koma Phulusa anatsamira dzanja lake, mlomo wapansi uli lende, maso atatsinzina.

"Mwaona? Akuti muwonjezere."

Burashi yolimba inatsatira kuchotsa zimene chipeso chavundula, yofewa n'kumalizira kumaso. Anamuphunzitsanso kutsamira phewa la kavalo kuti anyamule mwendo yekha, ndi kukolowola ziboda kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo. Lamba anaupala ndi mpeni wobuntha, kuutsuka, n'kuupaka mafuta a m'kachitini. Nachipeso, poti singano amaidziwa, anang'amba chikopa cha nkhosa chimene ankapondapo pafupi ndi bedi n'kuyamba kusokera mkati mwa lambayo, ubweya kuloza kwa kavalo.

Ali mkati mosoka, maganizo anamubwerera. Chikopacho chinali chotakata. Chikanabisa chilonda chonse.

"Tikamuveka ichi mawa, alamu sadzaona kanthu," anatero chapansipansi.

"Sadzaona. Koma chilonda chimapola ndi mpweya, osati ndi katundu. Akufunika kupuma."

"Akapuma ndiye kuti alamu adziwa. Akadziwa amutenga."

Amuna ake ankangosisita mphuno ya kavalo. Nachipeso anaona kuti mlanduwu amusiyira yekha, poti pangano alamu anapangana ndi iye.

M'mawa alamu atafika akuimba likhweru, anapeza ngolo ili chigonere, malamba ali pachingwe choyanikira zovala. Nachipeso anawagwira dzanja n'kuwatsogolera kukhola. Anagawa ubweya ndi zala zake.

"Onani, alamu. Ndalakwitsa ndine, ndi mafuta anga."

Alamu anawerama, n'kuweramuka nkhope itasintha.

"Sindinanene ine? Sindinanene? Chingwe chili kuti?"

"Munanena. Koma ndafunsa ndipo ndaphunzira. Ndipatseni masiku oti apole."

"Kuphunzira pa thupi la kavalo wa mng'ono wanga? Iyayi mlamu, pangano ndi pangano."

"Nanga inu alamu, amene mumamumanga lamba m'mawa uliwonse, maso anali kuti? Kapena kuwala kwa mkwati kunakuthobwani?"

Alamu anakanda dazi lawo. Nthawi yomweyo kunamveka ndodo zikugunda pansi kuchokera kukhomo la kukhitchini. Anatulukira bambo a mapasa, ndevu zometedwa, malaya ochapa, thukuta lili kamukamu chifukwa cha kaulendo kakafupiko.

"Achimwene, mwadzuka bwanji? Musiyeni kavaloyo. Ndizikhala pampando apa m'mawa ndi madzulo. Manja akhale awo, maso akhale anga."

Alamu anayang'ana mng'ono wawo kuyambira kumutu mpaka kuchikhakha. Masabata onsewa ankalankhula ndi msana wa munthu.

"Iwe wadzuka?"

"Nanga ndigone akundiphera mwana ndi zodzoladzola?"

Alamu anatsokomola, n'kuyang'ana kumbali kanthawi. Chingwe chimene anali atatola anachikoleka pamsomali.

"Ndibwereka bulu wa mnzanga, makasitomala asatithawe. Koma mlamu, ndikadzabwera n'kupeza ntchentche ngakhale imodzi, musadzandigwire mwendo."

Kuyambira tsiku limenelo Nachipeso ankatsegula saluni mochedwa. Azimayi ankadandaula kuti m'manja mwake mukumveka khola, iye n'kumawauza kuti amene sakufuna akalukitse kwina, koma palibe anachoka. Kukhola kunkamveka mkangano tsiku lililonse, wina akuti mwadumpha pamimba, wina akuti khalani chete ndinu wodwala. Chilonda chinauma, chinachita nkhanambo, nkhanambo n'kugwa yokha. Kenako panayamba kutuluka tiubweya tatifupi, toyera kuposa tinzake.

Alamu anabwera tsiku limene mng'ono wawo ankayenera kupita kuchipatala kukachotsa chikhakha. Sanapereke moni kwa munthu. Analunjika kwa Phulusa, n'kudina pachifuwa ndi chala chachikulu. Kavalo sanagwedezeke. Anasisita msana mobwerera n'kuyang'ana chikhatho chawo, osapezamo fumbi kapena mafuta. Ananyamula ziboda chimodzichimodzi. Pomaliza anatenga lamba wosokedwa uja, kumutembenuza uku ndi uku, n'kumuveka okha pang'onopang'ono, akulowetsa zala pansi kuona ngati wathina.

Nachipeso anali ataima ndi burashi kumanja.

"Oumba njerwa aja ndakumana nawo dzulo," anatero alamu akumanga chingwe chomaliza. "Ndawauza kuti akagule wilibala."

Mapasa anakuwa. Nachipeso anakhala pansi pa ndowa n'kuyamba kuseka.

Alamu anayala masaka m'ngolo, n'kutembenukira kwa mng'ono wawo amene ankati akadikire basi kumsewu.

"Basi ya chiyani, kavalo ali pakhomo? Kwera iwe, katundu woyamba ndiwe. Mlamu, gwirani mwendowo tiukweze, koma mosamala, ndi wa eni ake."