Chotsamira cha asekuru ndinachibisa m'balani

Ndine ndinachiba. Ndanena poyambirira pomwe kuti anthu a ku komboni kwathu asiye kunamizira bambo wogula zitsulo zakutha uja, amene mpaka lero akamadutsa ndi ngolo yake azimayi amalowetsa mapoto m'nyumba. Chotsamira cha panjinga yamoto ya amalume ndinachimasula ndine, ndi sipanala yawo yomwe, Lamlungu masana anthu onse ali kutchalitchi. Ndinali Fomu 3, ndipo ndinanama kuti m'mimba mukundipota.

Njingayo, imene kuno timati mudhudhudhu, si ngati tinjinga tonyamula anthu pasiteji tija ayi. Ndi chinjinga chachitali, chotsika, chazogwirira zotambalala ngati nyanga za ng'ombe. Amalume, mlongo wawo wa amayi, ndi owotcherera zitsulo. Anachigula chakufa kwa makaniko wina ku Mvurwi n'kuchidzutsa okha. Koma kampando ka kumbuyo kanali ngati chikhatho, kopanda pogwira, kopanda potsamira. Munthu wamphamvu ankakhalapo atakumbatira woyendetsa. Asekuru, bambo awo a amayi, sakanatha.

Asekuru anachoka ku Tete ali mnyamata, ndipo moyo wawo wonse unathera papurazi lino, famu yaikuluyi, kusankha fodya. Ambuya, akazi awo, atamwalira tinawaika kumanda a antchito, kuseri kwa mabulugamu. Purazi litagawidwa, amene anapatsidwa chigawo chimenecho anawasiya mandawo zaka zingapo. Kenako chaka china thirakitala inangodutsa. Asekuru anapita kukaona, naima m'mizere ya fodya kufunafuna pamene panali mtanda, osapapeza. Atabwerera anakhala pakhonde n'kunena kamodzi kokha:

"Ine pano musandiike. Ndiperekezeni kwathu ndikadali ndi maso."

Kwawo ndi kutsidya kwa mtsinje wa Mukumbura, kumene kuli ana a mng'ono wawo. Chitupa analibe, cha kuno ngakhale cha uko, choncho za basi ndi marodibuloko ake sankafuna n'kumva komwe. Njinga imatha kulambalala m'tinjira, ndipo mtsinje wa m'malire ukakhala wouma umangowoloka pamchenga. Koma mvula ikagwa, basi, mpaka chaka chamawa. Apa n'kuti Okutobala akutha.

Amalume anayamba ndi kuwaonetsa pafoni zotsamira za m'sitolo, zonyezimira ngati supuni yatsopano.

"Kameneko n'kotsamira atsikana a ku Harare," anatero asekuru. "Ine ndili ndi msana, osati kamchiuno."

Ndiye amalume anadula chitsulo cha kumutu kwa bedi la ambuya. Anayeza msana wa asekuru ndi chingwe, kuchokera m'chiuno mpaka m'khosi. Anawotcherera timikono tiwiri m'mbali kuti mkuluyo akayamba kusinza asagwere kumbali, ndi timphete tomangirapo chitenje. Siponji anachotsa kumatiresi, n'kuikuta ndi chidutswa cha tenti. Kumbuyo kwake analumikizako kaliyala yokwana ndendende tiranki ya chitsulo imene asekuru anabwera nayo kalekale. Zonsezo zinali chinthu chimodzi, chogwidwa ndi mabawuti anayi. Anthu ankachita kubwera kudzaonerera. Asekuru anakhalapo njinga ili chiimire, natsamira, natseka maso, ndipo ine ndinazindikira kuti akupitadi.

Ndinkagona chipinda chimodzi ndi mkuluyu kuyambira ndili wamng'ono. Sanali munthu wa nthano kapena malangizo. Ankaliza mkonono, ankaba pa tsoro, bawo ya kuno, ankandituma fodya wa m'mphuno dzuwa lili paliwombo. Koma tsiku limene ndinaika chule m'chikwama cha akatekisiti, komboni yonse ikuti ndine mwana wotayika, iwo anaseka mpaka kutsokomola, nandifunsa ngati chuleyo anali wamkulu bwino. Bambo anga anapita ku Joni ndili Giredi 2, sanalembeponso. Wa mbali yanga panyumba paja anali mmodzi yekhayo.

Ndiye ndinaganiza mwa mwana wa sukulu: popanda chotsamira palibe ulendo, ndipo mvula yatsala pang'ono. Ndikachibisa sabata ziwiri zokha, mtsinje udzaza, asekuru ndi anga mpaka Meyi.

Mabalani owotchera fodya nthawi imeneyo amakhala opanda kanthu, fodya akadali kumunda. Ndinachikokera m'balani lakumapeto, ndinakwera mitanda mpaka kudenga, ndinachikweza ndi chingwe, n'kuchimanga ndi waya mumdima wa pamwamba penipeni. Chinali cholemera, manja anasupuka, koma kunena zoona ntchito inagwirika bwino. Shati yanga yoyera inada bii ndi mwaye, ndiye ndinaipinda n'kuilowetsa pansi pa mphasa.

Atabwerako kutchalitchi, amalume anazungulira njinga katatu ngati chotsamiracho chabisala pansi pa tayala.

"Sisi, mwana wanuyu anali pano. Iwe mfana, sunaone munthu?"

"Ndinali kuchimbudzi, amalume. Koma ndinamva ngolo."

Ngolo ija ndinangoipeka pomwepo, ndipo inagwira ntchito kuposa mmene ndinkayembekezera. Amene anatsogolera gulu lofufuza ndine. Ndinawatengera kudamu, kudimba, mpaka kumsewu waukulu, kulikonse kotalikirana ndi mabalani. Lachitatu azimayi a mpingo anabwera kudzapempherera wakubayo kuti mtima wake usweke, ndipo Ameni wamkulu kuposa onse anali wanga. Kupanga china sikukanatheka msanga. Magetsi anali atathima sabata yachiwiri, ndipo bedi la ambuya linali ndi mutu umodzi wokha.

Masiku awiri oyamba ndinkayenda ngati mwini purazi. Kenako zinayamba kuwawa.

Asekuru sanakalipe, sanafunse munthu. M'mawa uliwonse ankavala jekete lawo la ulendo ndi chipewa, n'kukhala pa tiranki panja, maso ali kumapiri kumene mitambo inkaunjikana masana n'kubalalika madzulo. Chakudya ankangochitosa. Ndikabwerako kusukulu ndinkawayalira tsoro, iwo n'kusewera, koma anasiya kuba. Ndinawagonjetsa kanayi kotsatizana ndipo sikunakome ngakhale kamodzi.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi anauza amalume kuti ayese popanda chotsamira.

"Undimange kumsana kwako ngati khanda. Manyazi ndinawasiya kale."

Amayi anawamanga ndi zitenje ziwiri. Njinga inanyamuka pang'onopang'ono, ife tikutsatira pambuyo. Pokhota pamjigo mkuluyo anapendekera kumanzere ngati thumba la chimanga, chitenje chinatsetsereka, ndipo anagwa chammbali m'fumbi. Chigongono chinasupuka, khungu lake lopyapyala lija linangofunduka. Amalume anagwada pambali pawo akulira ngati mwana, bambo wandevu. Ine ndinaima pomwepo nditanyamula chipewa chawo. Ndikanatha kunena. Ndinayang'ana kumapiri, ndinaona mitambo yakuda kuposa dzulo lake, ndipo ndinatseka pakamwa. Zimenezi sindikuzikometsa, ndi mmene zinalili.

Amene anandigwira ndi amayi, tsiku lachisanu ndi chinayi, akusesa m'chipinda mwathu. Ndinawapeza ataima pakhomo, shati ili m'manja, akuinunkhiza.

"Mwaye uwu ndi wa m'balani."

"Tinkasewera mpira kumeneko, amayi."

"Mpira wa kudenga? Iwe, ndinagwira ntchito m'mabalani amenewa usanabadwe. Mwaye wonata chonchi umakhala pamitanda ya pamwamba pokha." Mawu awo anatsika. "Bambo anga agwa pamaso pako, iwe uli chete?"

Sanandimenye. Anandigwira dzanja ngati kamwana mpaka kubalani, komboni yonse ikutsatira, ndipo ndinakwera n'kuchitsitsa ndi chingwe chomwe chija. Amalume ankafuna kundithyola pomwepo, koma asekuru anakweza ndodo.

"Pamwamba penipeni?" anandifunsa. "Wekha?"

"Ndekha, asekuru."

"Mhani, mwana uyu." Anayamba kuseka, kuseka kuja kothera m'chifuwa, koma kunathera panjira. Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Wandidyera masiku, mbava iwe. Ndilibe ambiri. Mawa wondimanga ukhale iwe, ndipo umange zolimba ngati mmene unamangira kudengako."

M'mawa mwake kunacha kuli mitambo, mphepo ikununkha dothi lonyowa la kwina. Amalume anamanga mabawuti anayi aja, n'kukweza tiranki pakaliyala ndi malamba a chubu. Asekuru tinawakweza anthu awiri. Ndinapisa chitenje m'timphete, ndinachidutsitsa pachifuwa pawo, ndipo pansi pa jekete ndinamva nthiti zokhazokha. Ndinamanga mfundo ziwiri.

"Yachitatu," anatero. "Sindikukhulupirira."

Anandipatsa kachikopa kawo ka nsomo za tsoro. Amayi anawagwira mawondo akulira. Njinga inalira, inanyamuka. Ndinkadikira kuti acheuke, koma chotsamira chija amalume anachipanga chachitali mpaka m'khosi, ndi timikono take m'mbali, moti munthu womangidwa bwino sangatembenuke. Chimene ndinaona komaliza ndi tiranki, chidutswa cha tenti, ndi nsonga ya chipewa pamwamba pake, mpaka anakhota pamabulugamu.

Masana omwewo mvula inagwa, yamphamvu.

Amalume anabwerera tsiku lachinayi, matope mpaka m'makutu. Anati anapeza mtsinje wayamba kale kuyenda, madzi a m'chiuno. Njinga anaisiya tsidya lino, ndipo asekuru anawaberekera kumsana n'kuwoloka nawo, mkuluyo akuwatukwana njira yonse kuti akumunyowetsera nsapato. Likanadutsa tsiku limodzi lokha, sakanawoloka. Kumudziko foni sigwira. Chichokereni tamva uthenga umodzi, kudzera mwa mayi wina wogulitsa nsomba zouma, woti ali moyo ndipo akudandaula kuti fodya wa m'mphuno wa kumeneko ndi wozizira.

Anthu amandifunsa ngati ndinalapa. Chigongono chija chimandibwerera m'maso, inde. Koma masiku asanu ndi anayi aja ndinawapeza ndi manja angawa, ndipo palibe amene akanandipatsa ndikanapempha mwaulemu.

Chilango chinabwera Loweruka. Amalume anachotsa kampando ka kumbuyo ndi siponji yomwe, n'kundiuza kuti ndikhale pa kaliyala, pa zitsulo zokhazokha.

"Kwera, bwana. Ukaone mmene msewu umakomera."

Anandiyendetsa mpaka ku Mvurwi ndi kubwerera, kudzera msewu wafumbi wa mabampu, ndipo dzenje lililonse ankachita kulisankha. Ndinatsika ndikuyenda ngati bakha. Sabata yonse kusukulu ndinaphunzira choimirira kumbuyo kwa kalasi. Aphunzitsi a masamu atandifunsa chifukwa, ndinawauza kuti ndayamba kuwapatsa ulemu, ndipo anandiuza kuti ndipitirize mpaka teremu ithe.